Gitala pa chilumba cha Prospero

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga ku fomu 3 ndi fomu 4, lero ndabwera ndi nkhani ya oimba. Musadabwe, choko sindinasiye ayi. Nkhaniyi ikukhudza Shakespeare yemwe uja amene ena a inu munkamutukwana chamumtima mayeso a MSCE akayandikira.

Mu 2017 gulu la zisudzo la Bilimankhwe linayendayenda ku Mangalande ndi sewero la The Tempest, ndipo malo amodzi amene linaonetsa ndi Greenwich Theatre mu London. Wotsogolera seweroli anali mayi Kate Stafford. Okonda zisudzo mu Blantyre muno akuwakumbuka mayiwa chifukwa ndi mmodzi mwa anthu amene anayambitsa gulu la Nanzikambe mu 2003, gulu lija linationetsa African Hamlet. M'seweroli munali Amalawi anzathu. Stanley Mambo anali Caliban, pamene Joshua Bhima ndi Robert Magasa anagawana udindo wa Ariel, mzimu umodzi koma matupi awiri. Koma dzina limene linandiimika ine ndi la wopeka nyimbo. Nyimbo za seweroli anakonza ndi a Ben Mankhamba mothandizana ndi Frederick Rich.

Inde, a Ben Mankhamba omwe aja a Moyo wa M'tauni ndi Cassava, a bandi ya Zigzaggers, amene pambuyo pake analongedwa ufumu n'kukhala a mfumu Chingalire ku Lilongwe. Munthu wa gitala, wozolowera zokuzira mawu ndi khamu lovina mpaka fumbi kobo, n'kumupatsa sewero la zaka zoposa 400 kuti alipangire nyimbo. Nkhaniyi inadutsa ngati mphepo, anthu anayamika pang'ono n'kuiwala. Ine ndakhala ndikuitafuna mpaka lero, chifukwa ndikuona kuti muli china chake chokhudza ntchito yathu ya m'kalasi.

Ambiri a inu The Tempest simunawerenge, poti ena munakumana ndi Romeo and Juliet, ena Macbeth. Ndiye ndiifotokoze mwachidule. Prospero anali wolamulira mzinda wa Milan, koma m'bale wake weniweni anamulanda mpando. Anamukweza m'bwato lowola pamodzi ndi mwana wake wamkazi Miranda, ndipo nyanja inawatayira pa chilumba china. Pa chilumbapo panali kale eni ake. Panali Caliban, amene mayi ake ndiwo ankalamulira malowo, komanso mzimu wotchedwa Ariel. Prospero, ndi matsenga a m'mabuku ake, anasandutsa Caliban kapolo wotola nkhuni, Ariel n'kukhala mtumiki wolonjezedwa ufulu mawa ndi mawa. Patapita zaka 12 adani ake akudutsa pa nyanja, iye anautsa namondwe n'kuwakokera pa chilumbapo kuti nkhani ikambidwe.

Tsopano taonani ichi. Mphamvu zonse m'seweroli ndi za Prospero, koma zambiri zimafika kwa anthu kudzera m'nyimbo, ndipo woimba ndi wantchito wake. Ferdinand, mwana wa mfumu amene wapulumuka m'madzi ndipo akulira bambo ake, sakokedwa ndi chingwe kuti akakumane ndi Miranda. Akungotsatira nyimbo ya Ariel imene sakuona kumene ikuchokera. Nduna za mfumu zigona tulo ndi nyimbo, ndipo nyimbo yomweyo ndi imene idzutsa nkhalamba Gonzalo lupanga lili pafupi kugwera pakhosi. Zidakwa ziwiri zija, Stephano ndi Trinculo, zisocheretsedwa ndi kang'oma ndi chitoliro mpaka kukagwera m'thamanda lonunkha. Ndipo Caliban, amene aliyense akumutcha chilombo, ndi yekhayo amene saopa malirimewo. Iye ndiye akulimbitsa mtima alendo, chifukwa anabadwira momwemo ndipo kulira kwa chilumbacho amakudziwa ngati mmene mwana wa ku Ndirande amadziwira phokoso la osula zidebe ndi mbaula kumsika.

Choncho wopeka nyimbo za The Tempest sali ngati munthu wokongoletsa holo ya ukwati ndi mabaluni. Iye ndi amene akunena kuti chilumbachi n'chayani. Pamene seweroli linaonetsedwa kunyumba ya mfumu ku London mu 1611, m'dzikomo munali katswiri wa choimbira cha zingwe chotchedwa lute, dzina lake Robert Johnson, ndipo maimbidwe amene iye anaika pa nyimbo ziwiri za Ariel akadalipo mpaka lero. Chilumba chake chinkalira Chingelezi, ndipo oonerera ankamva kuti ali kwawo. Koma mukapereka ntchito imeneyo kwa Mmalawi amene moyo wake wonse wakhala akutenga magule akwathu n'kuwaika pa gitala, zinthu zimatembenuka popanda kusintha liwu ndi limodzi lomwe la Shakespeare. Prospero amalankhulabe Chingelezi chake chapamwamba, koma nthaka imene waimapo ikulira mwa kwathu. Mlendo akudziwika ndi makutu. Mzungu wokhala pa mpando wake mu London sakufunikanso phunziro la mbiri ya atsamunda kuti azindikire amene anapeza mnzake pa malopo.

Ena anachita zomwezi ndi cholembera. Aimé Césaire wa ku Martinique analembanso seweroli mu 1969 n'kumupatsa Caliban pakamwa poyankhira. Njira imeneyo ndi yabwino, koma ine imene imandikoka kwambiri ndi ya woimbayi, chifukwa siilalikira. Munthu umangopezeka wamva.

Pali chiopsezo chake, ndisabise. Tonse taonapo masewero amene ng'oma imalowetsedwa kuti alendo aombe m'manja basi. Nkhani yaima, atsikana alowa ndi zitenje, avina chimtali mphindi 5, atuluka, nkhani ipitirira pamene inalekera. Mutachotsa guleyo palibe chimene chingasowe. Zimenezi zimandinyansa, kaya zichitike ku London kaya mu holo ya sukulu ku Zingwangwa. Ndiye muyeso wanga ndi umodzi: nyimboyo ikugwira ntchito yanji? Ikukoka ndani, ikugoneka ndani, ikuopseza ndani? Mu The Tempest Shakespeare analemberatu ntchito zimenezo, n'chifukwa chake seweroli limamuyenera woimba weniweni.

Kunjaku kuitana oimba a mabandi ku masewero akale si chachilendo. PJ Harvey, mayi woimba rock wa ku Mangalande, anapeka nyimbo za Hedda Gabler, sewero la Henrik Ibsen, pamene linaonetsedwa ku New York mu 2009, ndipo mu 2011 anachitanso chimodzimodzi ndi Hamlet ku Young Vic mu London. Mu 2025 Thom Yorke wa gulu la Radiohead anaphwasula chimbale chawo cha mu 2003, Hail to the Thief, n'kuchilumikiza ndi Hamlet ku Manchester. Ibsen ameneyu nafenso tinamulawako, paja Nanzikambe inatenga sewero lake la A Doll's House mu 2006 n'kulisandutsa Breaking the Pot. Ndipo tisamaganize kuti rock ndi ya azungu okha. Malemu a Wambali Mkandawire asanafike pa nyimbo zimene tikuwakumbukira nazo, ankaimba rock mu bandi ya Pentagon m'zaka za m'ma 1970.

N'chifukwa chiyani otsogolera masewero amathamangira anthu a mabandi, kusiya amene anaphunzira zopeka nyimbo m'makoleji? Ena anena kuti n'kufuna dzina lotchuka pa chikwangwani kuti matikiti ayende, ndipo pamenepo pali choonadi. Koma ine ndikuona chinanso. Munthu amene waimbapo m'bala Loweruka usiku amadziwa kuwerenga khamu. Amadziwa nthawi imene anthu atopa, nthawi imene afuna kudzidzimutsidwa, nthawi imene kulira kwa nsambo imodzi kukwanira. Zimenezi m'buku mulibe. Vuto lake n'lakuti munthu yemweyo anazolowera kuti maso onse azikhala pa iye, ndipo m'sewero ayenera kuphunzira kubisala.

Izi ndinaziona ndi maso anga. Chaka china a kalabu ya zisudzo pasukulu pathu tinaganiza zoonetsa zigawo zingapo za Macbeth, makamaka pofuna kuthandiza a fomu 4 amene bukulo linkawazunguza mutu. Mukudziwa mmene zimakhalira. Kalasi ya ana 80, mabuku 12, ana 6 kapena 7 kuunjikana pa buku limodzi, wina akuwerenga mozondoka. Mwana amaloweza kuti Macbeth anali wolakalaka ufumu, amalemba zomwezo pa mayeso, koma mantha a usiku umene Duncan anaphedwa sanawamvepo n'kamodzi komwe.

Ndinaitana mnyamata wina wa ku Ndirande amene ndinamuphunzitsa zaka zingapo m'mbuyomo. M'kalasi sanali wa patsogolo, koma gitala inkamumvera. Loweruka ankaimba m'mabala, Lamulungu m'tchalitchi, ndipo sankaona chovuta pamenepo. Anabwera ndi gitala yamagetsi, kasipika kokutidwa ndi selotepi, ndi kabokosi kopondera kamene kamachititsa gitala kulira mokalipa ngati macheka. Tsiku loyamba anamvetsera nkhani yonse n'kunena kuti, "Aphunzitsi, musadandaule, pofika Lachitatu ndikhala nditapeka nyimbo zitatu, ina ya mfiti, ina ya mfumu, ina ya mayi uja."

Lachitatu anabweradi nazo, ndipo zinali nyimbo zabwino zedi, zoti pa wailesi zikhoza kumveka. Ana anavina. Koma titaziika m'sewero, mtsikana amene anali Lady Macbeth anaima pakati pa siteji manja ali m'chiuno, kudikira kuti nyimbo ithe kuti alankhule. Inatenga mphindi 4. Pomwe inkatha, aliyense anali ataiwala kuti m'chipinda chinacho muli mfumu imene yagona ndipo ikufuna kuphedwa.

Sindinamuuze kuti nyimbo zake n'zoipa, chifukwa sizinali zoipa. Ndinangomupatsa buku ndi pensulo, ndinati, "Iwe, pita nalo kunyumba. Paliponse pamene Shakespeare watchula chinthu cholira, ulembe mzere." Anabwera sabata yotsatira maso ali gwa. Anapeza ng'oma imene imamveka mfiti zija zikudikira Macbeth. Anapeza belu limene Lady Macbeth amaliza ngati chizindikiro chakuti nthawi yakwana. Anapeza kadzidzi. Anapeza kugogoda pa chipata mfumu itangophedwa, kugogoda kosalekeza pamene manja a Macbeth akadali ndi magazi, mpaka mlonda woledzera uja adzuke. Anapeza kulira kwa amayi mkati mwa linga pamene mfumukazi yamwalira. Anati, "Aphunzitsi, mkuluyu nyimbo analemba kale. Ine ndingomuthandiza."

Zimene anachita pambuyo pake ndi zimene ndimafuna muzimve. Nyimbo zitatu zija anazisiya. Kwa mfiti anatenga nsambo yaikulu ya gitala, n'kuimasula pang'ono kuti izilira mopanda dongosolo, n'kumaikhukhuza ndi kiyi wa loko. Kulira kwake kunali ngati chitseko chadzimbiri cha nyumba yosiyidwa. Kwa Lady Macbeth anapeka kanyimbo ka manotsi 5 okha, kokoma ngati koguguzira mwana. Kanamveka koyamba pamene mayiyo akulandira mfumu Duncan ndi ulemu wonse pakhomo pake. Kanadzamvekanso kumapeto, pamene akuyenda ali m'tulo n'kumasamba m'manja mopanda madzi, koma ulendo uno notsi yomaliza inkasowa, kanyimbo kankangothera m'malere. Kugogoda kuja sanagwiritse ntchito gitala n'komwe. Anatenga mwala n'kumamenya chitseko chenicheni cha holo, ali panja, kumbuyo kwa oonerera.

Pa tsiku loonetsa, magetsi anazima titangodutsa chigawo cha mfiti. Kasipika kaja kanangoti zii. Mnyamatayo anapitiriza ndi gitala youma imene tinabwereka kwa a kwaya, ndipo mwala uja sunkafuna magetsi. Chitseko chitalira koyamba, ana a fomu 1 amene anakhala kumbuyo anakuwa, ena anadzuka kufuna kuthawa. Kenaka holo yonse inakhala chete, chete amene sindinamumvepo pa asembule. Macbeth wathu, mwana wamanyazi wa ku Machinjiri, anayang'ana manja ake, ndipo aliyense anadziwa chimene chili mumtima mwake ngakhale Chingelezi chake theka sanachimve.

Sabata yotsatira ndinafunsa kalasi chifukwa chimene Shakespeare anaikira mlonda woledzera ndi nthabwala zake pamalo oopsa chotere. Funso limeneli ndakhala ndikufunsa zaka zambiri, ndipo yankho limakhala lija la m'manotsi, lakuti n'kufuna kupepukitsa mitima ya oonerera. Tsiku limenelo mtsikana wina amene samakonda kukweza dzanja anati, "Aphunzitsi, mlondayo akuchedwetsa kutsegula. Ife tikuseka koma chitseko chikugogodedwabe, ndiye kusekako kukupweteka." Yankho limenelo silinachokere kwa ine. Linachokera ku mwala.

Sindikunena kuti mwambo wa zisudzo m'sukulu zathu ndi wosauka. Mpikisano wa ATEM unatulutsa anthu. Du Chisiza Jr anatchukira komweko ali mwana wa sukulu pa HHI ndi sewero lake la The Deceased's Attack mu 1982, asanayambitse Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987. Ife a msinkhu wanga tinakula tikusunga ndalama ya minibasi kuti Lamulungu masana tikaone Wakhumbata kapena Kwathu pa French Cultural Centre, pamene lero pakutchedwa Blantyre Cultural Centre. Koma mwambo wathu, makamaka wa m'Chingelezi, unatsamira kwambiri pa kulankhula. Mwana wa Chingelezi chothyakuka ndiye katswiri. Woimba timamukumbuka kwatsala masiku awiri, kuti adzatseke mpata pamene tikusuntha mipando pa siteji. Chonsecho kwathu nthano siyenda popanda nyimbo. Agogo akamasimba, pakati pa nkhani pamabwera nyimbo, ana n'kumavomera, ndipo nthawi zambiri nyimboyo ndi imene imaulula chinsinsi, monga kambalame koimba dzina la wakupha. Tikafika m'kalasi timaiwala zonsezi, n'kumaphunzitsa sewero ngati ndime ya kompulihenshoni.

A Stanley Onjezani Kenani anamasulira Romeo and Juliet m'Chichewa, ndipo ntchito imeneyo ndi yaikulu. Mwalimu Julius Nyerere anachita zomwezo ndi Julius Caesar m'Chiswahili ali mtsogoleri wa dziko. Kumasulira mawu kumatsegula khomo limodzi. Koma mayeso athu amabwera m'Chingelezi, ndipo mwana ayenerabe kulimbana ndi mawu a Shakespeare mmene alili. Apa ndi pamene woimba amatithandiza, chifukwa iye samasulira mawu, amamasulira chimene chili pansi pa mawuwo, mawu eni ake n'kutsala osakhudzidwa.

Ndisanaiwale, inu amene munawerenga Romeo and Juliet, mukukumbuka oimba aja a kumapeto kwa gawo 4? Ambiri timawadumpha pophunzitsa chifukwa sabwera pa mayeso. Anaitanidwa kudzaimba pa ukwati wa Juliet ndi Paris. Afika m'mawa ndi zoimbira zawo, apeza nyumba yonse ili pa maliro. Palibe amene akuwauza za malipiro. Wantchito wa pakhomopo akuwanyoza, ndipo iwo pomaliza agwirizana zongodikira kuti mwina adyeko chakudya cha pamaliro. Nthawi iliyonse ndikawerenga pamenepa ndimaseka ndekha, chifukwa Shakespeare ankawadziwa oimba a ku Bangwe ndi ku Chilomoni asanabadwe. Mnyamata wathu uja anagwira ntchito masabata 6. Nditapita ku ofesi kukapempha kangachepe, ndinauzidwa kuti thumba la makalabu linathera ku mpira. Analandira botolo la zoziziritsa kukhosi, mabanzi awiri, ndi mawu akuti Mulungu akudalitse. Ya minibasi inatuluka m'thumba mwanga. Iye sanadandaule, koma ine mpaka lero zimandiwawa, chifukwa wokonza zokuzira mawu pa tsiku la fomu 4 yotsanzikana amalipidwa osanenerera.

Timakonda kunena kuti oimba athu sapita patali, amangobwereza zomwezomwezo. Koma ndani amawapatsa ntchito yowakakamiza kuganiza mwatsopano? A Mankhamba anaipeza ntchito yotere chifukwa gulu la ku Mangalande linawafuna, ndipo amene anadyerera ndi oonerera a kumeneko. M'makwalala a Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa muli anyamata ndi atsikana ambiri odziwa gitala, kiyibodi, ng'oma, ena mpaka bangwe weniweni wa zingwe uja amene dzina lake anthu amangolidziwa ngati la malo. Sukulu zili pomwepo, mabuku a masewero ali pomwepo. Chimene chimasowa ndi mphunzitsi woti awoloke msewu n'kukagogoda, komanso mphunzitsi wamkulu wovomera kuti woimba naye ndi wantchito.

Teremu ikubwerayi ndikufuna tiyese chigawo chimodzi cha The Tempest, ngakhale sichili pa silabasi. Ndasankha pamene Ferdinand akutsatira nyimbo m'mbali mwa nyanja, ndi pamene Caliban akumana ndi zidakwa zija. Ariel ndikufuna akhale atsikana awiri a kwaya, kutengera nzeru ya a Bilimankhwe ija. Mnyamata wa gitala uja tsopano ali ku Johannesburg, akuti akugwira ntchito yomanga ndipo gitala amaigwira Lamulungu lokha. Ndiye malo ake ali pululu.

Inu ana anga akale amene mumaimba, ndikudziwa mulipo, ena ndimakuonani pa maukwati mukundibisalira kuseri kwa masipika. Amene angakwanitse kubwera Lachitatu lililonse tikaweruka, kwa masabata 6, andipeze kusukulu, ku stafu rumu mukukudziwa. Ulendo uno ndalama ya woimba ndailembetsa kale mu bajeti ya kalabu teremu isanayambe, ndipo pepala losainidwa ndalisunga ndekha. Amene ali ndi kasipika koyendera batire abwere nako.